Sikirini yogona, sikirini yoimirira: zomwe muyeso wake umachita ku maso a abambo ndi amayi

M'nyumba zambiri zoonetsera mpira pa Nchalo, pa Ngabu ngakhale ku Bangula, osewera amaoneka afupi ndi ojintcha kuposa mmene alili. Kamera ikayandikira mpira, umaoneka wotalikira m'mbali m'malo mobulungira. TV yake imakhala yabwinobwino. Chavuta n'chakuti chithunzi chomwe chinapangidwira sikirini ya muyeso wina chakokedwa kuti chidzaze sikirini ya muyeso winanso, ndipo oonerera anazolowera moti saonanso kuti pali cholakwika.

Muyeso umenewu, womwe akatswiri amautchula kuti aspect ratio, umalembedwa ndi manambala awiri. Nambala yoyamba ndi ya mbali yopingasa, yachiwiri ndi ya mbali yoimirira. TV zakale zija za chimbuyo chachikulu zinali 4:3, kutanthauza kuti mbali yopingasa ikakhala masentimita 40, yoimirira ndi 30. Zopyapyala za masiku ano, zomwe ambiri amangoti pulazima, ndi 16:9. Vidiyo ya pa TikTok kapena pa sitetasi ya WhatsApp ndi 9:16, muyeso womwewo koma woimikidwa. Mafoni ambiri atsopano ndi owonda kuposa pamenepo, 20:9.

Pali nkhani yomwe imamveka kawirikawiri, yakuti amayi amaona mbali zonse nthawi imodzi pomwe abambo amangoona chomwe chili patsogolo pawo, ndiye kuti aliyense ali ndi sikirini yomuyenera. Kafukufuku sanena choncho. Muyeso wa sikirini umasinthadi kwambiri zomwe munthu aliyense amaona, ndipo kusinthako kungayezedwe ndi tepi. Kusiyana kwa maso a abambo ndi amayi kulipo, koma n'kwakung'ono, kumaonekera pokhapokha mukaphatikiza zotsatira za anthu ambiri, ndipo kwina kumachepa munthu akazolowera. Kuno ku Chigwa cha Shire, chomwe chimasiyanitsa kwambiri zomwe bambo ndi mayi amaona pa sikirini ndi kukula kwa foni yomwe aliyense wagwira, malo omwe wakhala, ndi thanzi la maso ake.

Manambalawa sanachokere ku diso

Muyeso wa 4:3 unayamba ndi William Dickson, yemwe ankagwira ntchito kwa Thomas Edison m'zaka za m'ma 1890, ndipo TV itabwera inangotengera. M'zaka za m'ma 1950 nyumba za kanema ku America zinayamba kutaya oonerera chifukwa cha TV, choncho zinatambalalitsa chithunzi kuti zipereke chomwe kunyumba kunalibe. Njira yotambalalitsa chithunzi yotchedwa CinemaScope inabwera mu 1953, ndipo mafilimu ambiri lero amajambulidwa pa 2.39:1. Mu 1984 injiniya wina, Kerns Powers, anasanjikiza miyeso yonse yomwe inkagwiritsidwa ntchito n'kupeza kuti 16:9 ndi umene uli pakati, wotha kulandira zakale ndi zotambalala popanda kutaya malo ambiri. Choncho 16:9 ndi mgwirizano wa amisiri. Wogulitsa akakuuzani kuti ndi muyeso wachibadwa wa diso la munthu, akungofuna katundu atuluke.

Mmene diso limagwirira ntchito

Maso awiri pamodzi amaona dera lotambalala madigiri pafupifupi 200 chopingasa, ndi pafupifupi 130 kuchokera m'mwamba kufika pansi (kuzungulira kwathunthu ndi madigiri 360). Pakati pake pali madigiri pafupifupi 120 omwe maso onse awiri amaona limodzi. N'zoona ndithu kuti dera lomwe timaona ndi logona. Koma kachigawo komwe timaona bwinobwino, kotha kuwerenga zilembo kapena kuzindikira nkhope, n'ka madigiri awiri okha. Tambasulani mkono, yang'anani chala chachikulu: kukula kwake ndi komweko. Zotsalazo diso limaziona mwachimbuuzi, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuzindikira chomwe chikuyenda. Kuti tione chithunzi chonse, diso limadumpha katatu kapena kanayi pa sekondi iliyonse, ubongo n'kumalumikiza zidutswazo.

Mbali yopingasa ndi yoimirira sizifanana mphamvu. Chinthu chomwe chili kumanja kapena kumanzere kwa pomwe mukuyang'ana chimaoneka bwino kuposa chomwe chili m'mwamba kapena pansi pa mtunda womwewo, ndipo chapansi chimaoneka bwinoko kuposa cham'mwamba. Izi zimapezeka mwa abambo ndi amayi omwe. Palinso chinyengo china chomwe Adolf Fick anachifotokoza mu 1851: mzere woimirira umaoneka wautali kuposa wogona ngakhale ili yofanana. Jambulani mizere iwiri ya masentimita 10, wina wogona, wina woimirira pakati pake, muonetse aliyense. Ambiri anena kuti woimirirawo ndi wautali. Malire a sikirini nawonso amasokoneza: chinthu chomwe chatsala pang'ono kukhudza malire chimaoneka chachikulu kuposa chomwecho chikakhala ndi malo ambiri m'mbali. N'chifukwa chake munthu wojambulidwa pa vidiyo yoimirira amaoneka wapafupi ndi wamkulu, pomwe pa yogona amaoneka kuti ali pamalo penapake, ndipo malowo nawonso akulankhula.

Ubongo umazoloweranso chithunzi chopotoka. Munthu akayang'ana nkhope zokokedwa m'mbali kwa kanthawi, nkhope zabwinobwino zimayamba kumuonekera zowonda. Ndiye mukakonza TV ija ya m'nyumba yoonetsera mpira, musadabwe anthu akamadandaula kuti osewera aonda. Kudandaulako kumatha maso akazolowera.

Masentimita ndi mtunda

Mainchesi omwe amalemba pa bokosi la TV amayeza kuchokera kona ya pansi kumanzere kukafika kona ya m'mwamba kumanja. Nambala imeneyi yokha siikuuzani kukula kwa chithunzi. TV yakale ya mainchesi 21 inali ndi chithunzi chotalika masentimita opitirira 30 kuchokera pansi kufika m'mwamba. Pulazima ya mainchesi 24, ngakhale nambala yake ndi yaikulu, sikwana masentimita 30. Anthu a pa nkhani amaoneka aang'ono kuposa kale, ndipo wogula amadabwa kuti wabedwa pati. Kuti nkhope zikhale zazikulu monga pa yakaleyo, pamafunika mainchesi 26 kapena kuposa.

TV ya mainchesi 32 ndi masentimita 71 chopingasa ndi 40 choimirira. Mukaikapo vidiyo ya 4:3 osaikoka, imatenga magawo atatu mwa anayi a sikirini, n'kusiya mizere yakuda kumanja ndi kumanzere. Mukaikoka kuti idzaze, chilichonse chimanenepa ndi 33 peresenti. Mukaikuza ndi Zoom, mumadula gawo limodzi mwa anayi la msinkhu wake, ndipo zomwe zimatayika ndi mitu ya anthu ndi mawu olembedwa pansi. Palibe njira yachinayi. Mwa zitatuzi, mizere yakuda ndiyo yokha yomwe siwononga kanthu, kungoti anthu amaidana nayo poganiza kuti malo omwe analipira akupita pachabe.

Vidiyo yoimirira ndiyo imaluza kwambiri. Ya 9:16 ikaikidwa pa TV ya 16:9 imadzaza 32 peresenti yokha ya sikirini. Zimachitikanso mobwerera: mukadula vidiyo yogona kuti ikhale yoimirira, mumasunga 32 peresenti ya mbali yopingasa, zina zonse zapita.

Koma chomwe diso limalandira si masentimita, ndi madigiri, ndipo madigiri amadalira mtunda. Bungwe la amisiri a kanema la SMPTE limalangiza kuti sikirini idzaze madigiri osachepera 30 kuti woonerera amve kuti ali m'kati mwa chithunzi. Pa TV ya mainchesi 32, zimenezi zikutanthauza kukhala pa mtunda wa mita 1.3. Wokhala pa mamita awiri amalandira madigiri 20. Wokhala pa benchi yakumbuyo, mamita 6, amalandira madigiri 7 okha. Kwa ameneyu, kutambalala kwa sikirini kulibe phindu lililonse, chifukwa chithunzi chonse chili m'kadera kakang'ono pakati pa maso ake. Taganizani za mpira weniweniwo. Ndi wa masentimita 22. Kamera ikaonetsa theka la bwalo, mamita ngati 50, mpirawo pa sikirini ndi kadontho ka mamilimita atatu. Pa mamita 6, diso labwino limakaona movutikira, ndipo diso lomwe lili ndi vuto pang'ono silikaona n'komwe. Munthuyo amangotsatira komwe osewera akuthamangira ndi phokoso la anzake akutsogolo.

Foni ndi yaing'ono koma ili pafupi. Ya mainchesi 6.5 ili ndi sikirini ya masentimita pafupifupi 15 ndi 6.8. Mukaigoneka pa mtunda wa masentimita 30 imadzaza madigiri 28, kuposa TV ija kwa munthu wa pa mamita awiri. Mukaiimika, mbali yopingasa imangodzaza madigiri 13. Vidiyo ya 16:9 pa foni yoimika imakhala masentimita 6.8 ndi 3.8. Mukangoigoneka imakhala 12 ndi 6.8, kukula katatu ndi kupitirira. Anthu ambiri sachita zimenezi chifukwa anatseka Auto-rotate, yomwe imatembenuza chithunzi foni ikagonekedwa, n'kuiwala.

Tsono abambo ndi amayi

Tiyambe ndi chomwe chilibe umboni. Madokotala a maso akamayeza kutambalala kwa dera lomwe munthu amaona, amayerekeza zotsatira zake ndi za anthu a msinkhu wake. Sakhala ndi muyeso wa abambo pawokha ndi wa amayi pawokha. Mayi amene amadziwa zomwe mwana akuchita kumbuyo kwake pomwe iye akusinja sali ndi maso otambalala kuposa a mwamuna wake. Waphunzitsa chidwi chake kugawikana, ndipo woyendetsa kabaza pa msika wa Dyeratu waphunzira zomwezo.

Kusiyana komwe kunapezekadi n'kwa mtundu wina. Mu 2012 Israel Abramov ndi anzake ku Brooklyn College, mumzinda wa New York, anapeza kuti abambo amaposa pang'ono poona timizere tating'ono kwambiri ndi zithunzi zosintha mofulumira, pomwe amayi amaposa posiyanitsa mitundu yofanana kwambiri. Mu 2018 Scott Murray ndi gulu lake ku University of Washington anaonetsa anthu mizere yoyenda kwa kanthawi kochepa kwambiri n'kuwafunsa ngati yapita kumanja kapena kumanzere. Amayi ankafuna nthawi yotalikirapo ndi 25 mpaka 75 peresenti. Nambalayo ikumveka yaikulu, koma nthawi yomwe tikunena ndi yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Chaka chomwecho, akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya EPFL mumzinda wa Lausanne ku Switzerland anayeza anthu oposa 800 pa mayeso 15 a kaonedwe. Abambo anaposa pa mayeso 6, pa ena onsewo panalibe kusiyana koonekera, ndipo sanapeze chifukwa chimodzi chomangirira zotsatirazo pamodzi. M'mayeso otere magulu awiriwa amalowana kwambiri: amayi ambiri amaposa abambo ambiri. Ndiponso mwa kafukufuku ameneyu palibe amene ankasintha muyeso wa sikirini.

Amene anayandikira funso lathu ndi Mary Czerwinski ndi George Robertson a ku Microsoft Research pamodzi ndi Desney Tan mu 2002. Anapatsa anthu ntchito yoyenda m'dziko la pa kompyuta n'kumapeza zinthu zomwe zaikidwa m'malo osiyanasiyana. Pa sikirini yaing'ono yoonetsa dera lopapatiza, abambo ankachita bwino kuposa amayi. Pa sikirini yaikulu yoonetsa dera lotambalala, onse anachita bwino kuposa poyamba, koma amayi anapindula kwambiri moti mpata uja unachepa zedi. Mu 2003 anapezanso kuti chithunzi chikamakhota pang'onopang'ono m'malo mongodumphira mbali ina, amayi amathandizika kwambiri. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti sikirini yopapatiza imakakamiza munthu kusunga mapu m'mutu ndi kuwatembenuza, ntchito yomwe abambo pa avareji amaiposa, pomwe yotambalala imasiya zizindikiro za malo zikuonekabe m'mbali.

Zotsatirazi n'zofunika, koma tisazikokere kutali. Anthu omwe anayezedwa anali ochepa, ndipo chomwe chinasintha si muyeso wokha komanso kukula kwa sikirini ndi dera loonetsedwa. Chomwe tingatengepo n'chakuti sikirini yopapatiza imakulitsa mpata pa ntchito zofuna kudziwa komwe uli, monga mapu ndi masewera oyendayenda. Sizikunena kuti nkhani za pa TV kapena uthenga wa pa WhatsApp amayi amauona mosiyana.

Funso lotsatira ndi lakuti mpatawo ndi wobadwa nawo kapena wophunzira. Mu 2007 Jing Feng, Ian Spence ndi Jay Pratt a ku University of Toronto anapeza kuti maola 10 okha osewera gemu yothamanga ya pa kompyuta anachepetsa kwambiri kusiyana kwa amayi ndi abambo pa kugawa chidwi m'malo ambiri ndi pa kutembenuza zinthu m'mutu. Mu 2018 Antoine Coutrot ndi anzake anasanthula zotsatira za anthu oposa 2.5 miliyoni omwe anasewera gemu ya pa foni yoyesa luso lopeza njira. Abambo ankaposa m'maiko onse, koma mpatawo unali waung'ono m'maiko momwe amayi ndi abambo ali ndi mwayi wofanana pa maphunziro ndi ntchito, ndipo unali waukulu momwe mwayiwo ndi wosiyana. Kwa ife, mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa zonse za mu labotale. Mnyamata amene wakulira m'nyumba yoonetsera kanema ndi pa foni ya achimwene ake wadya maola mazanamazana pa sikirini pomwe mlongo wake anali kudimba kapena kumjigo. Akadzasiyana pa kompyuta ku sekondale, si maso omwe awasiyanitsa.

Pali kusiyana kuwiri komwe kumakhudza kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku. Koyamba ndi chizungulire. Chithunzi chikadzaza dera lalikulu la maso n'kumagwedezeka, maso amauza ubongo kuti thupi likuyenda pomwe ziwalo za m'kati mwa khutu zikuti lili phee, ndipo munthu amachita mseru. Amayi amanena za vutoli kawirikawiri kuposa abambo. Mankhwala ake ndi kusunthira m'mbuyo kuti makoma a chipinda azioneka m'mbali mwa sikirini, ndi kusazimitsa nyale zonse. Kwachiwiri ndi kusasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndipo apa ovutika ndi abambo. Majini, malangizo obadwa nawo omwe amathandiza diso kuona mitundu iwiriyi, ali pa kachigawo ka m'maselo kotchedwa kromosomu X. Mwamuna ali ndi imodzi yokha, choncho ikakhala ndi vuto alibe ina yomuthandiza. Mwa azungu a kumpoto kwa Ulaya, abambo 8 pa 100 aliwonse ali ndi vutoli, pomwe mwa amayi ndi mmodzi pa 200. Mwa anthu a mu Africa nambala ndi yotsikirapo, koma ambiri ndi abambo ndithu. Sikirini ikachepa vutoli limakula, chifukwa kadontho kakang'ono ka mtundu n'kovuta kukazindikira kuposa dera lalikulu.

Chomwe chimasiyanitsa kuno kwathu

M'mabanja ambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, foni yaikulu imakhala m'thumba la bambo, mayi n'kukhala ndi kafoni ka mabatani, mwinanso alibiretu. Kafoni ka mainchesi 2.4 kali ndi sikirini ya masentimita 3.7 ndi 4.9. Vidiyo ya 16:9 pamenepo imakhala 3.7 ndi 2.1. Poyerekeza ndi foni yaikulu ija yogonekedwa, chithunzi cha bambo ndi chachikulu kakhumi ndi kupitirira. Palibe kusiyana kulikonse kwa mu labotale komwe kumayandikira nambala imeneyi. Pamsonkhano wa pamudzi pomwe mlangizi akuonetsa vidiyo pa laputopu, onaninso amene akhala pamipando kutsogolo ndi amene akhala pansi chakumbali. Sikirini zotsika mtengo za laputopu zimachita mdima ndi kusintha mitundu munthu akaziyang'ana kuchokera pansi kapena pambali, ndiye wokhala pamphasa amaona chithunzi chosiyana ndi cha wokhala pampando.

Thanzi la maso nalonso siligawika mofanana. Chigwachi chinadziwika kwa zaka zambiri ndi matenda a trachoma, omwe akabwerezabwereza amapinditsira zikope m'kati, nsidze n'kumakanda diso mpaka kusiya chipsera. Bungwe la WHO limati amayi amachititsidwa khungu ndi matendawa mpaka kanayi kuposa abambo, makamaka chifukwa amakhala pafupi ndi ana omwe amawafalitsa. Mu 2022 WHO inatsimikizira kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto lalikulu la zaumoyo, koma chipsera chomwe chinalowa kale m'diso la agogo sichichoka ndi chilengezo. Diso lotere, komanso la ng'ala, limamwaza kuwala, moti zilembo zotuwa pa sikirini yoyera zimasowa. Munthu aliyense akapitirira zaka 40 amayambanso kulephera kuona zapafupi, n'kumatalikitsa foni. Akaichotsa pa masentimita 30 kupita pa 50, chithunzi m'diso chimachepa ndi 40 peresenti mbali iliyonse. Magalasi owerengera amathetsa zimenezi, ndipo amayezedwa m'zipatala za m'maboma. Zovuta kwambiri zimatumizidwa ku chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre.

Onjezerani dzuwa. Mu October ndi November kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo foni ikatentha imadzichepetsera yokha kuwala kuti isaonongeke, nthawi yomwe kuwalako kukufunika kwambiri. Munthu akamayang'ana sikirini amaphethiranso mochepa, maso n'kuuma, ndipo kuuma kwa maso kumavuta amayi kwambiri, makamaka achikulire.

Kukonza dikoda ndi TV

Muyeso umasankhidwa malo awiri, mu dikoda ndi mu TV, ndipo chisokonezo chambiri chimabwera chifukwa malo awiriwa sakugwirizana. Yambani ndi dikoda. Pa Settings fufuzani Aspect Ratio kapena TV Type. Ngati TV ndi yopyapyala, sankhani 16:9. Ngati ndi yakale ya chimbuyo, sankhani 4:3 Letterbox, yomwe imaonetsa chithunzi chonse ndi mizere yakuda m'mwamba ndi pansi, osati Pan and Scan yomwe imadula m'mbali n'kuchotsa zigoli za pakona. Kenako pitani pa rimoti ya TV, pa Picture Size, musankhe Original, Auto kapena Just Scan malinga ndi mtundu wa TV.

Zizindikiro zake n'zosavuta. Anthu aatali, owonda: dikoda ili pa 16:9 koma TV ndi ya 4:3. Anthu onenepa komanso mizere yakuda m'mwamba ndi pansi nthawi imodzi: dikoda ili pa 4:3 Letterbox ndipo TV yotambalala ikukokanso chithunzicho. Zigoli kapena mawu oyenda pansi odukaduka: TV ili pa Zoom kapena Overscan. Pa chingwe chija cha mitu itatu, yachikasu, yofiira ndi yoyera, TV nthawi zambiri siidziwa yokha muyeso wa chithunzi chomwe ikulandira, choncho muyenera kuiuza ndi dzanja. Pa chingwe cha HDMI zimagwirizana zokha kawirikawiri. Poyesa, dikirani chinthu chomwe mukudziwa kuti n'chobulungira, monga wotchi kapena mpira wapafupi, muyeze ndi rula mbali zonse ziwiri. Bwalo la pakati pa galaundi musaligwiritse ntchito, chifukwa kamera imaliona chapambali. Filimu ya 2.39:1 idzakhala ndi mizere yakuda ngakhale zonse zili bwino, ndipo mizereyo imatenga gawo limodzi mwa anayi la msinkhu wa sikirini. Isiyeni choncho.

Kwa opanga uthenga ndi ojambula

Alangizi a zaulimi, a zaumoyo, aphunzitsi ndi a mipingo amapanga zithunzi zambiri pa laputopu yogona n'kuzitumiza kwa anthu a mafoni oimika. Kuyambira pa PowerPoint ya 2013, tsamba latsopano limabwera pa 16:9. Tsamba limenelo likafika pa foni yoimika limakhala kamzere ka masentimita osakwana anayi, ndipo wolandira amayenera kulikuza ndi zala n'kumalikankha uku ndi uku mpaka chiganizo chimutayike. Uthenga wopita pa WhatsApp kapena Facebook upangidwe pa 4:5, mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 1080 ndi 1350, kapena pa 1:1. Wa sitetasi ukhale 1080 ndi 1920, koma musalembe kanthu m'mapikiselo 250 a m'mwamba ndi oposerapo a pansi, chifukwa dzina ndi mabatani zimaphimba pamenepo. Mawu a Chichewa ndi a Chisena ndi aatali, ndiye pa mzere wopapatiza mumakwana atatu kapena anayi okha. Fupikitsani chiganizo m'malo mochepetsa zilembo. Ngati uthenga uonetsedwa pagulu, gawani mtunda wa munthu wakumbuyo ndi 200 kuti mupeze msinkhu wa chilembo: pa mamita 6, chilembo chikhale masentimita atatu pa sikirini. Pa chenjezo la madzi osefukira musadalire mtundu wokha. Pafupi ndi chofiira lembani mawu akuti samukani, pafupi ndi chobiriwira lembani tanthauzo lake.

Madzi a mu 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anasandutsa anthu wamba ambiri kukhala ojambula, ndipo mavidiyo awo ndi omwe ankafika ku makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi. Apa kagwiridwe ka foni kamasintha uthenga weniweniwo. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona madigiri pafupifupi 65 chopingasa foni ikagona, ndi pafupifupi 40 ikaima. Kuti muonetse kutambalala kwa madzi a Shire, Ruo kapena Mwanza, kapena msewu womwe waduka, gonekani foni. Kuti muonetse kuya kwake, iimikeni, ndipo m'chithunzicho mukhale chinthu chodziwika msinkhu, monga chitseko, mjigo kapena mzati wa magetsi, chifukwa madzi okha pa sikirini alibe muyeso. Cholakwika chofala ndi kuimika foni n'kumaizunguza mwachangu pofuna kuti zonse zilowe. Woonerera sapeza poyambira, ena amachita chizungulire, ndipo WhatsApp ikamachepetsa vidiyoyo kuti idutse pa netiweki yofooka, mbali zogwedezekazo ndi zomwe zimaphwanyika kwambiri. Imani malo amodzi masekondi asanu, khotani pang'onopang'ono moti muwerenge mpaka khumi musanafike mbali inayo, muimenso. Musatembenuze foni mutayamba kale kujambula, chifukwa vidiyo imasunga mmene foni inalili poyambira ndipo chotsalacho chidzaoneka chogona chammbali.

Pa zithunzi zosayenda, siyani kamera pa 4:3. Kachipangizo kolandira kuwala m'mafoni ambiri ndi ka muyeso umenewo, ndipo mukasankha 16:9 kapena Full foni siwonjezera kanthu m'mbali, imangodula mbali ya chithunzicho kuti chifanane ndi sikirini. Chithunzi cha munda wokokoloka kapena cha nyumba yakugwa chomwe chikupita ku ofesi ya boma chijambulidwe chathunthu pa 4:3, ndipo ngati zingatheke chitumizidwe ngati Document kuti WhatsApp isachichepetse.